Kupeza resistance ndi mawati kuchokera ku mavolti ndi ma-ampu

Tembenuzani ketulo yamagetsi kapena ayironi muone kunsi kwake. Mupeza polembedwa manambala onga 220–240V, 50Hz, 2000W. Pa tchaja ya laputopu mwina mupeza 19V ndi 3.42A. Kupatula 50Hz, manambala amenewa ndi pachibale: mukadziwa awiri, enawo mumawapeza pongochulukitsa kapena kugawa. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chimene chimasocheretsa anthu ndi kumene atenga manambala oyambawo, n'chifukwa chake malangizo ano achedwa kwambiri pa kuyeza kuposa pa kuwerengetsa.

Zilembo zinayi

Taganizirani thanki yamadzi ili pamwamba pa nsanja, paipi ikutsika kupita ku mpopi. Voltage ili ngati kutalika kwa nsanjayo, ndiyo imakankha. Chilembo chake ndi V ndipo imayezedwa m'mavolti. Current ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipimo pa sekondi iliyonse. Imayezedwa m'ma-ampu, koma m'masamu chilembo chake ndi I, osati A, ndipo ambiri amayamba kusokonezeka pomwepa. Resistance ndi kupanikiza kwa paipiyo, kaya ndi yopyapyala kaya yadzadza matope. Chilembo chake ndi R, imayezedwa m'ma-ohmu, chizindikiro chake Ω. Chachinayi ndi mphamvu, P, yoyezedwa m'mawati: liwiro limene magetsi akusandukira kutentha, kuwala kapena kuzungulira kwa mota.

Ubale wa zitatu zoyambazo anausindikiza Georg Ohm wa ku Germany m'chaka cha 1827. Malamulo amene mukufunika kuloweza ndi awiri okha:

R = V ÷ I

P = V × I

Ena onse amabadwa kuchokera ku awiriwa. Mukadziwa mawati ndi mavolti, I = P ÷ V. Mukadziwa current ndi resistance, P = I × I × R. Mukadziwa voltage ndi resistance, P = V × V ÷ R.

Gawo loyamba: dziwani magetsi amene mukugwira

Batire, sola ndi waya wa USB zimapereka DC, magetsi oyenda molowera mbali imodzi. Soketi yapakhoma, jenereta ndi mbali yotulukira ya invata (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati apakhoma) zimapereka AC, magetsi opita ndi kubwerera mosinthanasinthana, ndipo ku Malawi ya m'nyumba ndi mavolti 230 pa 50Hz, kutanthauza kupita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi. Pa multimeter, kachipangizo koyezera mavolti, ma-ampu ndi ma-ohmu, DC ili ndi chizindikiro cha mzere wowongoka wokhala ndi timadontho kunsi, AC ili ndi mzere wopindika ngati njoka. Mukatchera polakwika, multimeter ikuonetsani ziro kapena nambala yopanda mutu, inu n'kumaganiza kuti chipangizo chafa.

Onaninso mtundu wa chipangizocho. Pa DC malamulo awiri aja amagwira mwachindunji. Pa AC amagwira bwino pa zinthu zongotenthetsa: ketulo, ayironi, hotipuleti, giza ndi mababu akale a waya mkati. Za mota zili ndi nkhani yake, tifikako.

Gawo lachiwiri: yezani voltage

Lowetsani waya wakuda m'bowo lolembedwa COM, wofiira m'bowo la VΩ. Tcherani pa nambala yoposa imene mukuyembekezera: pa batire la mavolti 12 tcherani pa 20 ya DC, pa soketi yapakhoma tcherani pa nambala yaikulu kwambiri ya AC, imene pa ma multimeter ambiri imakhala 600 kapena 750. Gunditsani nsonga ziwirizo mbali ziwiri za chipangizo, osadula waya aliyense. Pa DC mukaona chizindikiro cha kuchotsera patsogolo pa nambala, mwangosemphanitsa mawaya, nambalayo ndi yolondola.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazinyalanyaza apa. Yezani chipangizo chili choyaka, ndipo yezani pa chipangizo penipeni, osati pa batire. Batire lotopa likhoza kuonetsa 12.6 lili chete, koma mukangoyatsa katundu n'kugwa kufika pa 11. Komanso waya wautali amadya mavolti ena panjira. Nambala imene ikufunika m'masamu ndi ya mavolti amene afikadi pa chinthucho pa nthawi imene current ikudutsa.

Gawo lachitatu: yezani current

Apa ndi pamene ma multimeter ambiri amafera. Voltage imayezedwa pogunditsa pambali, koma current imayezedwa ikudutsa mkati mwa multimeter. Muyenera kumasula waya mmodzi, multimeter n'kukhala mlatho pakati pa mbali ziwiri zomasukazo.

Pa DC chitani motere. Zimitsani chipangizo. Samutsani waya wofiira kupita m'bowo la 10A ndipo tcherani pa 10A. Masulani waya wa pozitivu pa batire. Nsonga yofiira igunde pa batire, yakuda igunde waya amene mwamasulayo. Yatsani, werengani, zimitsani. Musachedwepo: pa ma multimeter otsika mtengo monga DT830 bowo la 10A nthawi zambiri lilibe fyuzi, ndipo pambali pake amalembapo masekondi ochepa amene limapirira. Yambani ndi 10A nthawi zonse. Pokhapokha mukaona kuti current ili pansi pa 0.2A m'pamene mungasamukire ku bowo la mA, loyezera current yaing'ono, kuti mupeze nambala yeniyeni.

Mukamaliza, bwezerani waya wofiira ku VΩ nthawi yomweyo. Multimeter ikakhala pa 10A mkati mwake imakhala ngati waya wamba. Munthu akaiwala n'kukagunditsa nsonga pa mitu iwiri ya batire la galimoto kapena m'soketi, wapanga shoti ndi manja ake: moto umathetheka, nsonga zimasungunuka, ndipo pa magetsi apakhoma akhoza kupsa nkhope.

Pa mavolti 230 musadule waya kuti mulowetse multimeter, ndipo DT830 ilibe n'komwe poyezera current ya AC. Gwiritsani ntchito clamp meter, ija ili ndi kamwa ngati nkhanu. Imaluma waya mmodzi yekha, wa bulawuni kapena wa buluu, kapena wofiira kapena wakuda pa mawaya akale. Mukaluma chingwe chonse cha ketulo muwerenga ziro, chifukwa current yopita ndi yobwerera zimafafanizana. Njira yabwino ndi kupempha mmisiri wa magetsi akukonzereni kachingwe kakafupi ka ekisitenshoni kochotsa chikopa chakunja chokha, mawaya atatu amkati akhale otalikirana koma osasendeka. Dziwaninso kuti ma clamp meter ambiri otsika mtengo amayeza AC yokha, choncho pa sola sathandiza pokhapokha palembedwe kuti amayezanso current ya DC.

Gawo lachinayi: sandutsani manambala akhale a mtundu umodzi

Malamulo aja amafuna mavolti, ma-ampu, ma-ohmu ndi mawati athunthu. Ma mA muwagawe ndi 1000 kuti akhale ma-ampu: 20mA ndi 0.02A, 350mA ndi 0.35A. Ma kΩ muwachulukitse ndi 1000, chimodzimodzi ma kW. Mukaiwala, yankho lisemphana ka 1000. Mavolti 5 pa 20mA ndi 5 ÷ 0.02 = ma-ohmu 250. Wolemba 5 ÷ 20 apeza 0.25, nambala ya kachidutswa ka waya.

Gawo lachisanu: gawani, kenako chulukitsani

Tiyambe ndi DC. Babu la buleki la galimoto mwalilumikiza ku batire, mwapeza mavolti 12.4 pa babupo ndi current ya 1.7A.

R = 12.4 ÷ 1.7 = ma-ohmu 7.3

P = 12.4 × 1.7 = mawati 21

Pa chitsulo cha babulo palembedwa 21W, ndiye kuyeza kwayenda bwino.

Tsopano ketulo ya mawati 2000. Soketi ikuonetsa mavolti 228 ketulo ikuwira, clamp meter ikuonetsa 8.6A.

R = 228 ÷ 8.6 = ma-ohmu 26.5

P = 228 × 8.6 = mawati 1961

Musadandaule kuti sizinafike 2000 ndendende. Mawati olembedwa pa chipangizo ndi a pa voltage imene anachipangira, ndipo multimeter nayo imaphonya pang'ono. Kusiyana kwa 5 pa 100 si nkhani. Kukakhala theka kapena kuwirikiza, bwererani mukaone poyezera.

Nambala imene ili ya ketuloyo ndi 26.5. Mawati amasintha potsata voltage. Madzulo aliyense akamaphika, m'madera ena voltage imatsika. Ikafika pa 200, P = 200 × 200 ÷ 26.5 = mawati 1509. Voltage yatsika ndi 12 pa 100 yokha, koma mphamvu yatsika pafupifupi ndi kota, chifukwa voltage ikulowa kawiri m'masamumo. Madzi akamachedwa kuwira nthawi ya chakudya chamadzulo, musathamangire kutaya ketulo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsimikizani ndi poyezera ma-ohmu

Zulani pulagi kukhoma. Resistance siyezedwa magetsi ali mkati, chifukwa multimeter imatumiza kamagetsi kakekake kuchokera ku batire lake. Tcherani pa 200Ω, kenako gundanitsani nsonga ziwirizo zokhazokha. Muona mwina 0.3 kapena 0.5. Imeneyo ndi resistance ya timawaya ta multimeter, muichotse pa yankho lililonse laling'ono. Gunditsani pa mano awiri apansi a pulagi, switchi ya ketulo ili yotsitsa. Muyenera kupeza pafupi ndi 26. Mukaona 1 yekha kumanzere kwa sikirini, kapena OL, njira yaduka penapake: fyuzi ya m'pulagi, switchi, chingwe kapena elementi. Musagwire zitsulo za nsonga ndi zala zonse ziwiri poyeza ma resistor (tizipangizo tochepetsa current) a ma-ohmu ambiri, chifukwa thupi lanu nalo lilowa m'chiwerengero.

Ngati mulibe choyezera current, njira yomweyi ikupatsani mawati. Ayironi yofufutika zolemba ikaonetsa ma-ohmu 44, ndiye 230 × 230 ÷ 44 = mawati 1200, ndipo current yake ndi 230 ÷ 44 = 5.2A.

Pamene masamuwa amanama

Babu lija la buleki mukaliyeza lili lozizira, muona resistance yosafika ngakhale ohmu imodzi, pamene tinapeza 7.3. Palibe amene walakwa. Kawaya ka tungsten mkati mwake kakatentha mpaka kuwala, resistance yake imakwera kuposa ka 10. N'chimodzimodzi babu lakale la mawati 60 pa mavolti 230: loyaka lili ndi ma-ohmu pafupifupi 880, lozizira lili ndi ochepera 100. N'chifukwa chake mababu amenewa amakonda kupsa pa nthawi yoyatsa, current yoyamba imakhala yaikulu kwambiri. Elementi ya ketulo ndi ya ayironi sizisintha motero, chifukwa waya wake ndi wa nichrome, amene resistance yake imangosuntha pang'ono akatentha.

LED ilibe resistance yokhazikika. Imadya mavolti ake, pafupifupi 2 ikakhala yofiira, pafupifupi 3 ikakhala yoyera kapena ya buluu, kenako imalola current iliyonse imene yabwera mpaka kupsa. Choncho chimene mumawerengetsa ndi resistor yoyitchinjiriza. Tinene kuti mukufuna kanyali kofiira kosonyeza kuti batire la sola lalumikizidwa. Musawerengere 12, chifukwa batire likamatchajidwa limafika cha m'ma 14.4. Chotsani mavolti a LED: 14.4 − 2 = 12.4. Pa 20mA, R = 12.4 ÷ 0.02 = ma-ohmu 620. Tengani yokwererapo yopezeka mosavuta, ya 680, imene mizere yake ndi buluu, wotuwa, bulawuni. Musathere pomwepo. Mphamvu imene resistor iwotche ndi 12.4 × 12.4 ÷ 680 = mawati 0.23. Ya kota wati ikhala pamalire, izitentha mpaka kuda. Gulani ya theka la wati. Chizolowezi chabwino ndi kusankha resistor yopirira kuwirikiza kawiri mawati amene mwapeza.

Mota ya AC ndiye ina. Pa firiji, pampu yamadzi, fani ndi makina owotcherera zitsulo, current siyendera limodzi ndi voltage, imatsalira m'mbuyo. Mukachulukitsa V ndi I mupeza ma VA (mavolti-ampu), osati mawati. Pampu yokoka 4A pa mavolti 230 ili ndi 920VA. Kuti mupeze mawati chulukitsaninso ndi power factor, nambala yosaposa 1 yosonyeza gawo la ma VA limene likugwiradi ntchito, imene pa mota zambiri imalembedwa ngati cos φ. Ikakhala 0.8, mawati ndi 736. Posankha waya, fyuzi, jenereta kapena invata, tsatirani ma-ampu ndi ma VA, popeza waya amatenthedwa ndi current yonse. Ndipo V ÷ I pa mota sikupatsani resistance ya makoyilo ake. Mukawayeza ndi multimeter mupeza nambala yaing'ono kwambiri, musaganize kuti apsa. Kumbukiraninso kuti mota ikamadzuka imakoka current yowirikiza kangapo kwa kanthawi, n'chifukwa chake invata yaing'ono imalira firiji ikangoyamba ngakhale mawati olembedwa akuoneka okwanira.

Fyuzi ndi ekisitenshoni

Pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi mkati, yaikulu kwambiri ndi ya 13A. Ndiye 230 × 13 = mawati 2990, ndipo amenewa ndi malire a ekisitenshoni yonse, ngakhale ikhale ndi mabowo asanu ndi limodzi. Ketulo ya 2000 ndi ayironi ya 1200 pamodzi ndi mawati 3200, kugawa ndi 230 ndi 13.9A. Mwadutsa kale. Mukaonjezera hotipuleti ya 1500 mufika pa 20.4A. Ma ekisitenshoni ambiri otsika mtengo ali ndi waya wopyapyala woti sangapirire ngakhale 13 yomweyo. Zinthu zazing'ono monga wailesi ndi nyali zimafuna fyuzi ya 3A, imene malire ake ndi mawati 690. Kukulunga kawaya kapena pepala lonyezimira pamalo pa fyuzi yopsa ndi kuchotsa mlonda, chotsatira kupsa ndi chingwe.

Lamulo la I × I × R limaonetsa chifukwa chimene soketi imapsera. Sikuluu ya m'pulagi ikakhwepa, kapena dzino likachita dzimbiri, polumikizirapo pamabadwa resistance, tinene theka la ohmu. Pa TV yokoka 0.4A, kutentha kwake ndi 0.4 × 0.4 × 0.5 = mawati 0.08, simungamve n'komwe. Pa ketulo ija ndi 8.6 × 8.6 × 0.5 = mawati 37, onse ataunjikana pa kamalo kochepa ngati njere ya chimanga. Ndi kutentha kofanana ndi kwa kachitsulo kamene okonza mawailesi amasungunulira mtovu. Poyamba pulagi imafunda mukaigwira, kenako bowo limodzi la soketi limachita bulawuni m'mphepete, fungo la pulasitiki n'kuyamba kumveka. Fyuzi siduka, chifukwa current sinakwere. Mukaona zizindikiro zimenezi, zimitsani pa bokosi lalikulu, pulagi ndi soketi zisinthidwe zonse ziwiri.

Pa sola ya mavolti 12, waya ndiye nkhani

TV ya mawati 60 pa mavolti 230 imakoka 0.26A. Mawati omwewo pa mavolti 12 ndi 60 ÷ 12 = 5A, kuwirikiza pafupifupi ka 19. Waya wa kopa wa 1.5mm² ali ndi ma-ohmu pafupifupi 0.012 pa mita iliyonse ya kutalika, wa 2.5mm² ali ndi 0.0074, wa 4mm² ali ndi 0.0046. Batire likakhala mamita 10 kuchokera pa TV, werengerani mamita 20, kupita ndi kubwerera.

Pa waya wa 1.5mm², R = 20 × 0.012 = ma-ohmu 0.24. Mavolti otayika panjira ndi 5 × 0.24 = 1.2, ndipo mawati 6 akungotenthetsa waya. Batire lili pa 12.2, TV ikulandira 11. Ikayamba kuzimazima usiku, mwini wake amaloza chala batire, pamene wakuba ali m'denga. Pa waya wa 4mm² resistance ndi 0.092, otayika ndi mavolti 0.46 ndi mawati 2.3. Kuyandikiza batire kumathandiza mofanana ndi kugula waya wonenepa, ndipo sikulira ndalama. Samalaninso ndi waya wa aluminiyamu wopaka kopa pamwamba. Mukapala ndi mpeni mkati mumaoneka moyera, ndipo resistance yake imaposa ya kopa weniweni ndi theka kapena kupitirira.

Invata ya mawati 1000 ikadzaza imakoka 1000 ÷ 12 = 83A kuchokera ku batire, ndipo pophatikiza zotayika mkati mwake imadutsa 90. N'chifukwa chake mawaya ake amakhala onenepa ngati chala, aafupi, okhala ndi fyuzi pafupi ndi batire. Batire la 100Ah (ma-ampu kuchulukitsa ndi maola) lili ndi 12 × 100 = 1200Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola), koma la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka kawirikawiri. Werengerani 600Wh, amene ndi maola 10 a TV ija popanda china choyaka.

Kuchoka pa mawati kufika pa mayunitsi

Yunitsi imodzi imene mumagula ku ESCOM ndi kWh imodzi, kutanthauza mawati 1000 kwa ola lathunthu. Gawani mawati ndi 1000, chulukitsani ndi maola. Ketulo ya 2000 yowira mphindi 6 yadya 2 × 0.1 = mayunitsi 0.2. Hotipuleti ya 1500, maola awiri tsiku lililonse kwa masiku 30, ndi mayunitsi 90, ngakhale kwenikweni amacheperapo mukaitsitsa moto, poti imazima n'kumayakanso yokha. Babu la LED la mawati 9, maola asanu patsiku, pamwezi limadya 1.35.

Mita ya mayunitsi ikhozanso kukuyezerani mawati popanda kugwira waya aliyense. Pali kanyali kofiira kophethira, ndipo pafupi nako palembedwa nambala yonga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kamaphethira ka 1000 pa yunitsi iliyonse. Zimitsani zonse m'nyumba, firiji yomwe, muyatse chimene mukufuna kuyeza chokha. Werengani kuphethira kwa mphindi imodzi, muchulukitse ndi 60. Kakaphethira ka 33, ndi mawati 1980. Mita yanu ikalembedwa nambala ina, monga 1600, chulukitsani yankholo ndi 1000 n'kugawa ndi nambalayo. Pa zinthu zazing'ono ngati TV kanyaliko kamaphethira patalipatali, choncho werengani kwa mphindi 10 n'kuchulukitsa ndi 6.